Chiwala ndi Kawenzulo Kofiira

Uyu ndi Chiwala. Aliyense amamuitana choncho. Mwanayu sadziwa kuyenda modekha. Popita kusukulu amadumpha. Pochokera kusukulu amadumpha. Ukamutuma madzi akumwa, amafika ndi theka la kapu.

Chiwala akufuna chinthu chimodzi. Akufuna kunyamula mchimwene wake.

Mchimwene wakeyo ndi khanda. Anabadwa masiku ake asanakwane. Ndi wamng'ono kwambiri. Adakali kuchipatala ndi amayi. Chiwala sanamuonebe.

Bambo ake a Chiwala ndi telala. Makina awo osokera amakhala pakhonde. Tsiku lina madzulo bambo ankasoka. Makina ankalira, tekete, tekete, tekete. Chiwala anatola kamalaya pampando. Kanali kakang'ono zedi.

"Bambo, aka n'ka chidole?" anafunsa.

"Ayi. N'ka achimwene ako."

"Aaa, Bambo inu! Munthu angakwane umu?"

"Akwana. Mpaka malo atsala."

Chiwala anaseka. Anadumpha kawiri.

"Abwera liti?"

"Posachedwapa."

"Ndidzamunyamula?"

Bambo anaimitsa makina. Anavula magalasi.

"Tamverani kuno, achemwali," anatero. Bambo akafuna kunena zofunika, amamuitana choncho.

"Anamwino andichenjeza. Mapapo a mwanayu sanakhwime. Chimfine chikamugwira, abwerera kuchipatala. Ndiye wa chimfine asamunyamule. Wotsokomola asamuyandikire."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale iwe. Ngakhale ine amene."

Chiwala anameza malovu. Pakhosi panali bwinobwino. Anapuma ndi mphuno. M'mphuno munali bwinobwino.

"Ine ndilibe chimfine!" anatero.

"Chabwino. Ukhale choncho mpaka abwere."

Koma abale, kunena n'kosavuta! Kusukulu chimfine chinali chitalowa kale.

M'kalasi mwa Chiwala ana ankatsokomola. Kho! Kho! Ena ankayetsemula. Etsi! Etsi! Ena ankangokoka mamina tsiku lonse.

Aphunzitsi sanangokhala. Anaika ndowa ya madzi pakhomo. Ndowayo inali ndi kampopi pansi. Inali ndi chivindikiro chachitsulo pamwamba. Pambali pake anaika sopo. Anatsegulanso mazenera onse.

"Muzisamba m'manja ndi sopo," anatero aphunzitsi. "Potsokomola muzibisa pakamwa m'chigongono. Mwamva?"

"Tamva, Aphunzitsi!"

Chiwala ndiye anamva kuposa onse. Polowa ankasamba m'manja. Potuluka ankasamba m'manja. Asanadye ankasamba m'manja. Ankasamba mpaka zala kuchita makwinya.

Mnzake wapamtima ndi Batani. Malaya ake nthawi zonse amasowa batani limodzi. Desiki yake ili kumbuyo kwa Chiwala.

"Iwe, utithera sopo!" anatero Batani.

"Athe," anayankha Chiwala. "Ine ndikufuna kunyamula mchimwene wanga."

Tsopano mverani za kawenzulo.

M'kalasi mwa Chiwala munali kawenzulo kofiira. Kanali ndi chingwe chobiriwira. Kankalira mokoma. Pyee! Pyee!

Tsiku lililonse mwana mmodzi ankakhala kaputeni. Kaputeni ankavala kawenzulo m'khosi. Nthawi yopuma ikatha, ankaimba kawenzuloko. Ana onse ankathamangira m'kalasi. Mawa lake m'mawa ankaimba komaliza. Kenako ankaveka mnzake wa desiki yotsatira.

Kawenzulo kankayenda desiki ndi desiki. Koma ukajomba pa tsiku lako, basi, kakupitirira. Udikira mpaka kazungulire kalasi yonse. Ndipo kalasiyo sinali yaing'ono ayi.

Mwana aliyense ankafuna ukaputeni. Chiwala nayenso ankaufuna. M'mawa uliwonse ankayang'ana pamene kawenzulo kafika.

Kanafika kwa mtsikana wa maliboni. Anaimba.

Kanafika kwa Mapasa, atsikana awiri ofanana ngati mazira. Wamkulu anaimba. Wamng'ono anaimba.

Kenako kanafika kwa Wamtali. Desiki ya Wamtali ili kutsogolo kwa Chiwala.

Tsiku limenelo Wamtali anabwera akukoka miyendo. Maso ali psuu. Mamina ali chuchuchu.

"Iwe, ukudwala," anatero Chiwala. "Bwanji sunagone kunyumba?"

"Ndigone? Lero ndi tsiku langa!" anayankha Wamtali. "Amayi anandiletsa. Ine ndinalira mpaka anandilola. Ngakhale chokwawa ndikanabwera."

Chiwala anasendeza mpando wake. Anakhala kufupi ndi zenera.

Nthawi yopuma itatha, Wamtali anaimba kawenzulo.

"Pyee! Kho! Kho! Kho! Pyee!"

Ana anaseka. Wamtali anapukuta kawenzulo pamalaya. Analowa m'kalasi monyadira.

Mawa lake linali tsiku la Chiwala.

Wamtali anabweranso kudzapereka kawenzulo. Anaimba komaliza. Anatsokomola. Kenako anaveka Chiwala m'khosi. Ana onse anaomba m'manja.

Ha! Chisangalalo chake! Chiwala anadumpha mpaka desiki inagwedera. Masamu sanawamve bwino tsiku limenelo. Mtima unali pa kawenzulo basi.

Nthawi yopuma inakwana. Ana anatuluka kukasewera. Aphunzitsi anapita kukamwa tiyi. Kaputeni Chiwala anaima pakhomo. Maso ake anali pa wotchi ya pakhoma. Muvi wautali ukafika pamwamba, ndiye kuti nthawi yatha.

Muvi unayenda. Unayenda. Unafika pamwamba.

Chiwala anakweza kawenzulo. Anakoka mpweya wambiri. Koma asanaike pakamwa, anakayang'anitsitsa.

Kunsonga kwake kunali mabala a mano. Mano a ana ambiri. M'kati mwake munali timalovu.

Chiwala anacheuka. Anayang'ana m'kalasi. Ana anali panja, koma zikwama zawo zinali pamadesiki.

Pa desiki ya mtsikana wa maliboni panalibe chikwama. Anali kunyumba, akudwala.

Pa desiki ya Mapasa panalibe zikwama. Anali kunyumba, akudwala.

Pa desiki ya Wamtali panali Wamtali mwini wake. Sanapite kosewera. Anangogoneka mutu pachikwama.

Chiwala analoza ndi chala.

"Kawenzulo kanadutsa apa," ananong'ona. "Kanadutsa apa. Kanadutsanso apa. Mayo ine! Chimfine chikuyenda ndi kawenzulo!"

Ankafuna kuimba. Ankafunitsitsa ndithu. Tsikuli anali atalidikira nthawi yaitali. Kamodzi kokha! Kungoti pyee, basi!

Koma anaganiza za mchimwene wake. Anatsitsa kawenzulo pang'onopang'ono.

Batani anabwera akuthamanga.

"Kaputeni, nthawi yatha! Imba!"

"Sindiimba."

"Chifukwa?"

"Muli chimfine umu."

Batani anasuzumira m'kawenzulo. "Ine sindikuonamo kanthu."

"Sichioneka."

"Ndiye ndipatse ndiimbe ine. Mawa n'kanga kale."

"Iwenso ayi. Udwala."

"Ndiwe womana!" anatero Batani. Anatupa masaya n'kutembenuka.

Mawu amenewo anamupweteka Chiwala. Koma kawenzulo sanapereke.

Nanga ana aja awaitana bwanji?

Chiwala anaomba m'manja. Phwa! Phwa! Phwa! Mukuganiza kuti anamva? Ayi ndithu. Anyamata ankamenyabe mpira.

Chiwala anakuwa. "Nthawi yathaaa!" Mukuganiza kuti anamva? Ayi ndithu. Atsikana ankadumphabe chingwe.

Chiwala anayesa kuimba mluzu. Koma mano ake awiri akutsogolo anali ataguluka. Panangotuluka mphepo. Fuu! Fuu! Ngakhale Batani, ndi mkwiyo wake womwewo, anaseka.

Makalasi ena onse analowa. Pabwalo panatsala kalasi ya Chiwala yokha. Muvi wa wotchi unapitirira. Kaputeni anali pamavuto tsopano.

Chiwala anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona ndowa ya madzi ija. Anaona chivindikiro chake chachitsulo.

Anathamangira m'kalasi. Anatenga ndodo yolozera pabolodi. Anatenga chivindikiro. Anaima pakhomo n'kumenya ndi mphamvu zake zonse.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Mpira unaima. Chingwe chinagwa pansi. Mbalame zinauluka padenga.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Ana onse anabwera akuthamanga. Sanathamangepo choncho chiyambire. Aliyense ankafuna kuona chimene chikulira.

Aphunzitsi nawonso anabwera akuthamanga. Tiyi anali atawatayikira padiresi.

"Ndani akuswa ndowa yanga?" anafunsa.

Zala zonse zinaloza Chiwala.

"Kaputeni," anatero aphunzitsi, "kawenzulo katani? Kafa?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Nanga bwanji sunaimbe?"

Chiwala ankaopa kwambiri. Koma anayankhula.

"Aphunzitsi, taonani madesiki."

Aphunzitsi anayang'ana.

"Uyu anaimba kawenzulo. Akudwala. Mapasa anaimba. Akudwala. Wamtali waimba m'mawa uno. Uyo ali apoyo," anatero Chiwala. "Mchimwene wanga akubwera kuchokera kuchipatala. Mapapo ake sanakhwime. Ndikadwala chimfine sindimunyamula."

Aphunzitsi anayang'ana madesiki opanda zikwama aja. Anayang'ana Wamtali. Anayang'ana kawenzulo. Anagwira pakamwa.

"Koma ana inu!" anatero. "Ine ndimaganiza za manja. Ndimaganiza za mazenera. Kawenzulo ndinakaiwaliratu."

Kenako anatembenukira kalasi yonse.

"Ndani amabwereka mswachi wa mnzake?"

"Iii! Palibe!" ana anakuwa.

"Chifukwa chiyani?"

"Umalowa m'kamwa!"

"Nanga kawenzulo kamalowa kuti?"

Ana anayang'anana. Wina anayankha chapansipansi. "M'kamwa."

"Iii!" kalasi yonse inatero. Batani anapukuta milomo, ngakhale sanaimbe.

Aphunzitsi anavula Chiwala kawenzulo kaja. Anakatenga madzi otentha otsala m'ketulo. Anathira m'beseni. Anatsuka kawenzulo ndi sopo, kunja ndi m'kati. Anachapa chingwe chomwe. Kenako anatsekera kawenzulo m'kabati.

"Kakapume," anatero. "Kayenda m'kamwa mokwana."

Chiwala anasamba m'manja. Aphunzitsi nawonso anasamba m'manja.

"Kuyambira lero kaputeni aziimba chivindikiro," anatero aphunzitsi. "Koma azisamba m'manja asanagwire ndodo. Ndipo mverani. Chimfine sichiyenda ndi kawenzulo kokha. Chimayenda m'mpweya tikatsokomola. Chimayenda pamanja. Chimayenda pakapu. Ndiye sopo akhalepo. Mazenera akhale otsegula. Aliyense azimwera kapu yake."

Atatero anapita kwa Wamtali. Anamugwira pamphumi.

"Thupi latentha chonchi! Unabwereranji, mwanangu?"

"Ndimaopa kuti kandipitirira," anayankha Wamtali.

Aphunzitsi anapukusa mutu.

"Lamulo limenelo latha lero. Wodwala azigona kunyumba. Ukaputeni wake uzimudikira. Akachira, aziupeza."

Wamtali anadzutsa mutu.

"Ndiye ine ndavutikira chabe?"

Ana anaseka. Wamtali nayenso anaseka, kenako anatsokomola. Koma ulendo uno anabisa pakamwa m'chigongono. Posakhalitsa amayi ake anabwera kudzamutenga.

"Tsopano," anatero aphunzitsi, "muombereni m'manja kaputeni wathu!"

Kalasi yonse inaomba m'manja. Phwa! Phwa! Phwa! Chiwala anasekerera, malo a mano aja ali poyera.

Batani yekha sanaombe.

"Mawa linali tsiku langa la kawenzulo," anadandaula.

Mawa lake Batani anasamba m'manja. Anagwira ndodo monyinyirika. Anamenya chivindikiro kamodzi.

Ngwe!

Maso ake anawala. Anamenyanso. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ngwe!

"Basi, kaputeni, basi!" anakuwa aphunzitsi atatseka makutu. "Alowa kale onse!"

Batani anakodola Chiwala ndi chala.

"Sindiwe womana iwe," ananong'ona. "Ichi chikuposa kawenzulo."

Masiku anapita. Mtsikana wa maliboni anachira. Mapasa anachira. Wamtali anabwera mphuno ili youma. Pamadesiki onse panalinso zikwama. Kutsokomola kunachepa m'kalasi.

Nanga Chiwala? Pakhosi panali bwinobwino. M'mphuno munali bwinobwino.

Ndiye tsiku lalikulu linafika.

Bambo analawirira kuchipatala kukatenga amayi ndi khanda. Azakhali anabwera kudzakhala ndi Chiwala. Ankachapa matewera atsopano kuseri kwa nyumba.

Chiwala anatenga tsache. Anasesa pabalaza. Anasesa pakhonde. Anasesa kuchipinda kwa amayi. Anagwada n'kusesa kunsi kwa bedi.

Mwadzidzidzi m'mphuno munayabwa.

"Etsi!"

Chiwala anaima nji.

"Etsi!"

Kawiri! Chiwala anayang'ana pakhomo. Panalibe munthu. Anayang'ana pazenera. Azakhali ankachapabe akuimba nyimbo. Palibe amene anamva.

Nthawi yomweyo galimoto inaima panja.

"Afika! Afika!" anakuwa azakhali.

Bambo analowa ndi chikwama. Amayi analowa pang'onopang'ono. Anali ataonda, koma ankamwetulira. M'manja mwawo munali kabulangete koyera. Anakhala pampando wa pabalaza.

"Chiwala wanga ali kuti?" anafunsa amayi. "Bwera, mwanangu. Samba m'manja udzamunyamule."

Chiwala anaima pakhomo la kuchipinda. Manja anawabisa kumbuyo. Sanasunthe.

Palibe amene anamva. Akanatha kungokhala chete. Akanatha kusamba m'manja n'kupita. Kabulangete kanali pompo, pafupi kwambiri. M'kati mwake kanthu kankagwedera.

"Achemwali, kwagwanji?" anafunsa bambo.



"Ndayetsemula," anatero Chiwala. "Kawiri."

Misozi inayamba kutsika.

"Aaa, limenelo ndi fumbi," anatero azakhali. "Mwanayu wasesa nyumba yonse."

"Mwina ndi fumbi," anatero bambo. "Mwinanso ndi chimfine. Sitikudziwa. Tidikire tione."

Amayi anamuyang'ana Chiwala nthawi yaitali. Maso awo nawonso anali ndi misozi.

"Palibe anakumva?" anafunsa.

"Palibe."

"Koma wanena wekha."

"Eya."

"Mwana uyu ali ndi achemwali enieni," anatero amayi.

Chiwala anatuluka panja. Anazungulira nyumba. Anaima pazenera la pabalaza. Amayi ananyamuka n'kubwera pagalasi. Anatsegula kabulangete pang'ono.

Eee! Kankhope kake! Kanali kakang'ono ngati chibakera cha bambo. Maso anali otseka. Tsitsi linali lofewa, lakuda bii. Chiwala anaika dzanja pagalasi. Analira, koma anasekanso.

Bambo anakhala pamakina. Tekete, tekete, tekete. Anasoka kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno. Anamuveka Chiwala.

Azakhali anamuyalira m'chipinda china. Anamupatsa kapu yakeyake. Anamupatsa thaulo lakelake. Anatsegula mazenera kuti mphepo izidutsa.

Kudikira n'kowawa, abale. Chiwala ankamva khanda likulira. Ankamva amayi akulitonthoza. Azakhali ankalinyamula. Bambo ankalinyamula. Iye ankangoonera pazenera.

Kunacha. Azakhali anamugwira pamphumi. Sipanatenthe.

"Meza malovu," anatero. "Pakupweteka?"

"Ayi."

"Wayetsemulanso?"

"Ayi."

"Tidikirebe pang'ono," anatero bambo.

Chiwala anadikira. Anasamba m'manja. Anaonera pazenera.

Kunachanso. Azakhali anamugwira pamphumi. Sipanatenthe.

"Pakhosi?"

"Bwinobwino."

"M'mphuno?"

"Bwinobwino."

"Tidikirebe pang'ono," anatero bambo.

"Achimwene inu, mwanayu auma ndi kudikira!" anatero azakhali.

Koma Chiwala sanadandaule. Anadikira. Anasamba m'manja. Anaonera pazenera.

Kunachanso kachitatu. Pamphumi sipanatenthe. Pakhosi panali bwinobwino. M'mphuno munali bwinobwino. Sanatsokomole. Sanayetsemule.

Bambo anavula magalasi.

"Tamverani kuno, achemwali," anatero. "Linali fumbi."

"Ndinanena ine!" anakuwa azakhali.

Chiwala anathamangira kumpopi. Anasamba m'manja ndi sopo. Anasamba kuseri kwa manja. Anasamba pakati pa zala. Anapukuta ndi thaulo loyera.

"Khala apa," anatero amayi.

Chiwala anakhala pampando waukulu. Miyendo yake sinkafika pansi. Anatambasula manja.

"Dzanja ili ligwire mutu," anatero amayi. "Ili likhale kumsana. Eya, choncho."

Amayi anamuika mwana m'manja.

Anali wopepuka. Anali wofunda. Ankapuma mofulumira, koma mosavutika. Anatsegula diso limodzi. Anamuyang'ana Chiwala.

"Moni, achimwene," ananong'ona Chiwala. "Ndine achemwali anu. Ndilibe chimfine."

Khanda linayasamula. Linatambasula kamwendo.

Kenako Chiwala anamva kufunda pamiyendo. Kufundako kunafalikira.

"Amayi," anatero, "panyowa."

Azakhali anasuzumira. Anaomba m'manja n'kufa nacho chikhakhali.

"Wakukodzera! Thewera lamukulira!"

Bambo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Umenewo ndiye moni wa achimwene ako," anatero.

Amayi anatambasula manja. "Bwera naye ndimusinthe."

Chiwala anayang'ana diresi yake yonyowa. Anayang'ana mchimwene wake. Anamufungatira bwinobwino.

"Dikirani pang'ono, Amayi," anatero. "Diresi ndichapa."

Ndipo amayi anadikira.